Nyumba ya malemu bambo yachita ming'alu, kodi ikutitimira?

Uthenga uwu wabwera pa WhatsApp kuchokera kwa mayi wina wa ku Ulongwe, ndaudulako pang'ono chifukwa unali wautali:

"A mesitiri ndithandizeni maganizo. Nyumba ndikukhalayi anatisiyira malemu bambo, ndi ya njerwa zootcha ndipo inamangidwa nthawi ya Apwitikizi kuchiyambi kwa ma 1970. Chaka chatha pakona ya kuchipinda kwanga panatuluka mng'alu wopingasa kuchokera pawindo kukwera kudenga, mu Okutobala unakula mpaka pensulo imalowa, chitseko nachonso chimakana kutseka. Mvula itagwa unabwererana pang'ono koma pano wayambanso. Palinso wina wowongoka pomwe tinalumikiza zipinda ziwiri zomwe tinaonjezera mu 2016. Kubafa nako simenti yapansi ikumalira ngati ng'oma ukaponda, khoma lake silimauma. Mmisiri wina akuti angomata ndi simenti yamphamvu, achimwene a ku Johannesburg akuti tigwetse timange ina, ena akuti ndi zaanthu. Usiku sindikugona, ndili ndi ana atatu m'nyumbamu."

Mayi pepani ndithu, koma usiku uno gonani. Nyumba yomwe yaima zaka zoposa 50, inaona nkhondo, inagwedezeka nawo pa chivomerezi chija cha ku Machaze mu February 2006, mvula ya namondwe Idai mu 2019 ndi ya namondwe Ana mu 2022 zonse zinaipeza n'kuisiya, nyumba yotero sikuti ingangogwa lero popanda kuchenjeza. Ine pa zaka zonse zomwe ndagwira ntchito yomanga, kuno ku Angónia, ku Moatize komanso mu mzinda wa Tete, nyumba zomwe ndinaziona zitagwa mwadzidzidzi zinali za zidina zomwe zamwa madzi a mvula sabata yathunthu, kapena zomwe anthu anazikumba kunsi okha pofuna kukonza. Ya njerwa zootcha imayamba yadandaula kaye kwa nthawi yaitali, ndipo yanuyi ndi zomwe ikuchita.

Koma ndinenepo msanga zizindikiro zomwe mukaziona musadikire yankho la munthu aliyense, ana muwasamutse m'chipindamo tsiku lomwelo. Ngati mng'alu ukukula mooneka sabata ndi sabata, ngati mwayamba kulowa zala ziwiri kapena mukuona kunja kudzera pamng'alupo, ngati khoma lapendekeka kapena latupa mimba pakati, ngati mbali imodzi ya mng'alu yatulukira kunja kusiyana ndi inzake moti mukasisita ndi dzanja mukupunthwa, ngati lintala ya pamwamba pa chitseko yathyoka kapena mtanda wa denga wayamba kusomphoka pomwe unakhala, kapena usiku mukumva kuthetheka ndipo m'mawa mukupeza timchenga tatsopano pansi. Mwa zomwe mwalembazi sindinaonemo chimodzi mwa izi, n'chifukwa chake ndikuti gonani.

Tsono ming'alu mwatchulayi ndi nkhani zitatu zosiyana, musaziike mu dengu limodzi. Ndipo mwina mudabwa, womwe ukukusowetsani tulowo si umene ukundidetsa nkhawa ine. Ine mtima wanga uli kubafako. Koma tiyambe ndi wa kuchipinda kwanu.

Mwanena nokha kuti umakula mu Okutobala n'kubwererana mvula ikagwa. Mawu amenewo kwa ine ndi theka la yankho. Mukudziwa mmene makande a kudambo amachitira dzuwa likaswa mtengo, amang'aluka mpaka phazi la mwana kulowa, ndiye mvula ikagwa kawiri katatu ming'alu yonse ija imatsekeka dothi n'kukhala phala lomata makasu. Dothi lotero limafufuma likamwa madzi, likauma limanyala, ndipo nyumba yokhala pamwamba pake imakwera ndi kutsika nalo limodzi chaka ndi chaka. Vuto ndi loti silinyala mofanana paliponse. Pansi pa pabalaza chinyezi chimakhalabe chifukwa dzuwa silifikako, koma m'makona ndi m'mphepete mumauma msanga, ndiye kona imatsika yokha pang'ono pamene pakati pa nyumba pali chikhalire, khoma limakhala ngati likupindidwa ndipo limang'ambikira pomwe ndi pofooka, paja ndi pakona ya windo kapena ya chitseko. Ndiye mng'alu wake umayenda mopingasa motsata mizere ya njerwa ngati masitepe, nthawi zambiri umakhala waukulu kumwamba wowonda kumunsi, ndipo umaoneka mkati ndi kunja komwe pamalo amodzimodzi. Kayang'aneni kunja kwa khomalo, mukaupeza kuti ulikonso ndipo watsika mpaka kumaziko ndiye kuti ndi za nthakadi. Ukakhala wa mkati mokha ndipo ukagogoda pulasitala ikulira mopanda kanthu, mwina ndi pulasitala chabe yamasuka.

Nyumba zambiri za nthawi imeneyo, makamaka zakunja kwa mizinda ikuluikulu, maziko ake ndi osazama, ndakumbapo zingapo n'kupeza miyala yoyalidwa ndi laimu kapena dothi lomwe, mwina theka la mita basi, kopanda viga yomanga nyumba m'chiuno ngati momwe timachitira masiku ano. Sikuti amisiri akalewo anali mbuli ayi, makoma awo ndi okhuthala ndipo matope awo ndi ofewa moti nyumba imatha kusuntha pang'ono osasweka. N'chifukwa chake funso langa ndi lakuti, nyumba yakhala bwinobwino zaka zonsezi, chasintha n'chiyani kuti iyambe pano? Chilala chimatha kuyambitsa, pambuyo pa chilala cha 2016 ndi cha 2024 ndinaitanidwa m'makomo ambiri pa nkhani yomweyi. Koma kawirikawiri ndikafika pakhomo sindiyamba n'kuyang'ana khoma, ndimayang'ana mitengo.

Kodi kumbali ya chipinda chanuko kuli bulugama? Kapena mango, mapeyala, nsungwi? Anthu amaganiza kuti mizu imakankha maziko, zimachitika koma si kawirikawiri. Chomwe mtengo umachita ndi kumwa madzi, ndipo bulugama ndiye chidakwa chenicheni, m'chilimwe amayamwa chinyezi chonse cha pansi pa kona yanu dothi n'kunyala kuposa kale. Ine lamulo langa losavuta pa dothi la makande ndi ili, mtengo ukakhala pafupi ndi nyumba kuposa kutalika kwake, ndiye kuti woyamba kumuganizira ndi iyeyo. Mtengo womwe munadzala ngati kamtengo zaka 15 zapitazo lero ndi chimphona, nyumba sinasinthe koma mnansi wake ndi amene wakula.

Komabe musathamangire nkhwangwa. Ngati mtengowo ndi wamng'ono pa nyumbayo, kutanthauza kuti unadzalidwa nyumba ilipo kale, kuudula kumathandiza, dothi limabwerera pang'onopang'ono momwe linalili ndipo ming'alu imatsekeka yokha ndithu, ngakhale zimatenga mvula ziwiri kapena zitatu. Koma ukakhala mtengo wakalekale womwe omanga anaupeza, nyumbayo inamangidwa pa dothi louma kale, mukaudula dothi lija limamwa madzi n'kufufuma kukankha nyumba m'mwamba, ming'alu yake imakhala yoipa kuposa yoyamba. Wotero ndi bwino kumangousadza nthambi chaka ndi chaka kuti uzimwa pang'ono. Ndipo mukadula musasiye chitsa chiwolere pafupi ndi khoma, ndi chakudya cha chiswe chimenecho.

Wachiwiri uja, wowongoka pomwe munalumikiza zipinda za 2016, sindichedwapo kwambiri. Nyumba yakale inakhazikika kalekale, yatsopano imayenera itsike pang'ono m'zaka zoyambirira pamene dothi likuzolowera katundu, ndiye polumikizira pamang'ambika, pafupifupi nyumba iliyonse yoonjezera imatero. Mukamata ndi simenti padzang'ambikanso chaka chamawa. Pamafunika kupalapo bwino n'kuikamo masitiki wofewa uja wa m'machubu, kuti mbali ziwirizi zizisuntha payekhapayekha madzi osalowa. Chokhacho chomwe ndingafune mudziwe n'chakuti kodi pomwe munamanga zipindazo kale panali chiyani. Ngati mng'aluwo ukunka nukula kumwamba, ngati kuti zipinda zatsopanozo zikufuna kuchoka pa nyumba, kawirikawiri pansi pake pamakhala dzenje lakale lokwiriridwa, chimbudzi, nkhuti ya zinyalala, chitsime chouma kapena pomwe ankaumbira njerwa. Kuno kwathu zimenezi n'zambiri chifukwa nthawi ya nkhondo mabanja anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, m'nyumba zina munakhala anthu ena, eni ake pobwera 1992 itadutsa sankadziwa kuti pabwalo panakumbidwa pati. Funsani azakhali kapena agogo oyandikana nawo, amakumbukira kuposa mapepala.

Tsopano kubafa. Simenti yapansi ikamalira ngati ng'oma ndiye kuti pansi pake pali mphako, dothi lomwe linkainyamula lachoka kapena latitimira. Mukaphatikiza ndi khoma losauma, ine ndikuona madzi akutayika penapake pansi pomwe simukuona. Mapaipi achitsulo a nthawi ya Apwitikizi pofika pano ambiri anadyeka ndi dzimbiri, a madzi oipa opita ku fosa, dzenje lija lolandira madzi a kubafa ndi kuchimbudzi, nawonso amathyoka kapena kulowedwa ndi mizu polumikizira. Madzi odontha tsiku ndi tsiku kwa zaka amafewetsa makande kukhala phala, pa dothi lamchenga amakokolola timchenga tosalala kupita nato, ndipo kusiyana kwake ndi mng'alu wa kuchipinda kwanu ndi kwakuti uwu subwerera mvula ikagwa, umangopitirira mbali imodzi.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona pa nyumba ina ku Matundo. Eni ake anandiitanira mng'alu wa pabalaza, koma ndikudutsa pakhonde la kubafa ndinamva phazi likulira mwachilendo. Tinaswa simenti pang'ono pokwana dzanja, ndinalowetsa mpini wa khasu, unalowa wonse osagunda kanthu, ndipo munatuluka kafungo ka madzi a sopo owola ndi mphemvu zosawerengeka. Paipi yochokera ku shawa inali itathyoka pa bondo pake penipeni, madzi osamba a banja lonse kwa zaka ankathera pansi pa maziko. Mayi wa pakhomopo anangogwira pakamwa, akuti ankadabwa kuti fosa yawo sidzadza ngati ya aneba. Tinasintha paipi, tinadzaza mphakoyo ndi dothi losakaniza simenti pang'ono n'kusinja bwino, ndipo mng'alu wa pabalaza uja unaima womwewo, maziko sitinawakhudze n'komwe.

Kuyeza kwake n'kosavuta ndipo sikufuna ndalama. Ngati muli ndi mita ya madzi, madzulo tsekani mipopi yonse, lembani manambala, usiku wonse wina asatsegule madzi kapena kugujumula chimbudzi, m'mawa kaoneni. Akasuntha ndiye kuti paipi ikudontha. Ngati madzi anu ndi a m'thanki, lembani mzere pomwe afika n'kuchita chimodzimodzi. Za madzi oipa, tsegulani kabokosi ka panja komwe paipi ya kubafa imatulukira, wina athire ndowa yodzadza kubafako inu mukuyang'ana ngati madzi akufika onse komanso mwachangu. Akafika ochepa kapena amatope, mwapeza mbava yanu. Muonenso ngati pali njira za chiswe m'mbali mwa khomalo, chiswe chimakonda ponyowa ndipo nacho chimafukula mphako pansi pa simenti, nyumba yomangidwa pomwe panali chulu imavuta mpaka kale.

Pamene mukufufuza za madzizi, yambani kulondera ming'alu ija. Tengani pensulo, lembani kamzere pomwe mng'alu uliwonse wathera ndi deti lake pambali. Kenako khomani timisomali tiwiri, wina mbali iyi wina mbali inayo, muziyeza mpata wake ndi rula ya mwana wasukulu tsiku loyamba la mwezi uliwonse, kulemba m'kope ndi kujambula pa foni rula ili pomwepo. Ena amamata kachigamba kopyapyala ka jeso, pulasitala woyera wosachedwa kusweka uja, kudutsa pamng'alu, kakasweka ndiye kuti nyumba ikusunthabe, nako n'kothandiza koma sikakuuzani kuti yasuntha bwanji. Pa kukula kwake, ma injiniya ambiri amatsata muyeso womwe unakonzedwa ndi bungwe la BRE ku Britain: wosafika mamilimita 5 ndi wongokonza pooneka, kuyambira 5 mpaka 15 pamafunika kukonza njerwa zina ndipo zitseko zimayamba kuvuta, 15 mpaka 25 ndi ntchito yaikulu yogumula mbali ina ya khoma, kupitirira 25 ndiye nyumba ili pangozi. Kamtengo ka machesi ndi pafupifupi mamilimita 2, pensulo ndi cha m'ma 7. Ndiye wanuwo uli m'gulu lapakati, si wongounyalanyaza komanso si wogwetsera nyumba.

Ndikudziwa kuti zimene ndinene apazi anthu sazikonda, koma kulondera kumeneku kumafuna chaka chathunthu, chilimwe ndi dzinja lomwe. Mng'alu wotseguka ndi kutsekeka n'kubwerera pomwe unali ndi wa dothi ndi mitengo. Wongokulirakulira osabwerera ndi wa madzi, dzenje kapena maziko olephera. Popanda kope limenelo ngakhale injiniya wochokera ku Maputo adzangolota.

Za mmisiri wofuna kumata ndi simenti yamphamvu, musamunyoze, ndi momwe ambiri tinaphunzirira, koma muuzeni adikire. Mukatseka mng'alu mu Okutobala uli chitsegukire, mvula ikabwera khoma lidzafuna kubwerera pamalo pake n'kupeza mwalowa mwala, ndiye lidzang'ambikira pena. Komanso simenti yolimba kwambiri pa njerwa zakale zofewa imathothola njerwazo m'malo mozigwira. Pakali pano ingotsekani kunja ndi masitiki kuti mvula isalowe. Nyumba ikadzaima, kukonza kwabwino ndi kusoka: kupala mizere ya pakati pa njerwa modutsa mng'alu, mzere uliwonse wachitatu kapena wachinayi, kulowetsamo tizitsulo ta mamilimita 6 kapena 8 totalika theka la mita mbali iliyonse, n'kutseka ndi matope osalimbitsa kwambiri, muyeso umodzi wa simenti pa 6 ya mchenga, mukapeza laimu muonjezeremo.

Ntchito yomwe mungayambe chaka chomwe chino, yotchipa koma imene yapulumutsa nyumba zambiri kuposa china chilichonse chomwe ndikudziwa, ndi kuchotsa madzi m'mbali mwa nyumba. Mvula ya kuno ku Angónia mukuidziwa, denga lonse limakhuthulira madzi patsinde pa khoma. Ikani magata ngati mungathe, madziwo apite kutali kapena m'thanki. Zungulizani nyumba ndi kakhonde ka simenti kotambalala mita imodzi kotsetserekera kunja, kamathandiza pawiri, dzinja madzi salowa kumaziko ndipo chilimwe dothi la m'mphepete siliuma msanga. Maluwa othirira, nthochi, potsukira mbale ndi pochapira, zonsezi zichoke pakhoma. Ndimakangana nawo azimayi pa nkhani ya maluwayi pafupifupi khomo lililonse, koma nanga nditani.

Wina akwerenso kudenga ndi tochi akaone mitengo. Chiswe chikadya mitanda yomanga denga, dengalo limaphwasuka n'kumakankhira makoma kunja, ndipo ming'alu yake anthu amainamizira maziko. Ngati denga lanu ndi la lusalite wakale uja, okwerawo asapondepo mwachisawawa ndipo asacheke kapena kuswa, muli asibesitosi yemwe fumbi lake limaononga mapapo.

Kulimbitsa maziko pokumba kunsi ndi kuthira konkire kumatheka, koma ndi chinthu chomaliza, mutakonza madzi, mutathana ndi mitengo, kope n'kumaonetsabe kuti nyumba ikutsika. Ndipo pamenepo pokha ndiye ndikukupemphani musachite ndi mmisiri yekha. Amakumba tizigawo ta mita imodzi modumphadumpha, kuthira, kudikira kuti ilimbe, kenako n'kukumba pena, komanso m'chilimwe basi. Ndinafikapo pakhomo pena pomwe anyamata anakumba ngalande khoma lonse kuchokera kona mpaka kona tsiku limodzi kuti amalize msanga, usiku kunagwa mvula, m'mawa chipinda chinali pabwalo. Mwayi munalibe munthu.

Kwa ena owerenga a mu mzinda wa Tete, kumeneko kutentha kopitirira madigiri 40 kumachititsa kuti denga la konkire lizifutukuka masana n'kubwerera usiku, ndiye mng'alu wogona wa pansi penipeni pa silabu nthawi zambiri ndi umenewo, si maziko. A ku Moatize oyandikana ndi migodi ya malasha komwe amaphulitsa miyala, jambulani makoma anu ndi madeti kuyambira lero ndipo dandaulo lizipita polemba kudzera kwa atsogoleri a dera lanu (bairo), pakamwa pokha sipakhala umboni.

Achimwene a ku Johannesburg muwauze kuti nyumba yatsopano pa dothi lomwelo, pafupi ndi mtengo womwewo ndi paipi yomweyo, nayonso idzang'aluka, mwinanso msanga kuposa ya bambo. Ngati ali ndi ndalama yothandiza, atumize ya pulambala, ya kakhonde kaja ndi ya injiniya woti adzaone kamodzi. Zoti ndi zaanthu sinditsutsana ndi chikhulupiriro cha munthu, kungoti pa nyumba zonse zomwe anandiuza choncho, tikakumba tinkapeza paipi, muzu kapena chiswe, ndipo zimenezi zimasokoneza ubale ndi aneba pachabe.

Injiniyayo mumufune ngati mng'alu wa kuchipinda wapitirira mamilimita 15, ngati mvula yatha koma sunabwerere, ngati kubafako mwapeza mphako yofika pansi pa khoma, kapena chimodzi mwa zizindikiro ndinatchula poyamba zija. Poyambira pabwino ndi ku ofesi ya zomangamanga ya boma, SDPI, kapena ku khonsolo ya Ulongwe, akhoza kukulozerani munthu, ndipo mumufunse ngati analembetsa ku Ordem dos Engenheiros de Moçambique. Wabwino adzapempha kukumba kadzenje pambali pa kona kuti aone kuya kwa maziko ndi mtundu wa dothi, adzayeza nyumba yonse ndi kapaipi ka madzi koonekera kaja kuti adziwe mbali yomwe yatsika, ndipo zomwe wapeza adzakulemberani papepala. Amene angoyang'ana ali chiimire n'kutchula mtengo wa matumba a simenti, mumuthokoze apite.

Lero madzulo lembani manambala a pa mita ija. Mawa munditumizire pamodzi ndi zithunzi zitatu, mng'alu wa kuchipinda mkati ndi kunja rula ili pomwepo, ndi china mutaima patali choonetsa kona yonseyo ndi mitengo yomwe ili pafupi. Bedi la ana ngati lagundana ndi khoma la kubafalo, lisuntheni kaye mbali inayo mpaka pulambala atabwera.